Matayala akumbuyo a ngolo yamoto: zimene ndakhala ndikulemba kuyambira Meyi

Loweruka, 11 Meyi 2024

Ndayamba kulemba izi ndili wokwiya. Tayala lakumbuyo kumanzere latha, pomwe lakumanja likadali ndi mano oti n'kufika nawo dzinja. Onse awiri anabwera ndi njingayi tsiku limodzi, mu Ogasiti chaka chatha, ndipo mita ikuwerenga makilomita 7,400 okha. Akanatha onse pamodzi ndikanangoti ndi matayala achabechabe, n'kukagula ena. Koma limodzi kutha linzake lilipo, pamenepo pali nkhani.

Kwa amene simukuidziwa, ndi njinga yamoto ya matayala atatu, ija yonyamula katundu, ya bodi kumbuyo, injini ya 200cc, yochokera ku China. Ana kuno ku Mitundu amaitcha ngolo yamoto ndipo dzinali linakanirira. Ilibe tcheni. Mphamvu imachoka ku giyabokosi, kudzera pa shafiti mpaka pa difu, chibuluma cha magiya chogawira mphamvu ku magudumu awiri akumbuyo, ngati galimoto, ndipo ekiselo yakumbuyo inakhala pa masipuling'i azitsulo zosanjikiza. Kutsogolo kuli tayala la saizi 4.50-12, kumbuyo a 5.00-12, onse a chubu. Amayendetsa ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga. Ine ntchito yanga ndi kulipira ndi kudandaula.

Chida choyezera mano ndilibe. Ndatenga kamtengo ka machesi, kukalowetsa mumzere wa tayala, kudinda ndi chikhadabo pomwe kalekezera, n'kukayika pa rula ya mwana wasukulu. Lakumanja: mamilimita 5 m'mbali zonse ziwiri, 5 ndi theka pakati. Lakumanzere: 3 pakati, 2 ndi theka mbali yamkati, ndipo mbali yakunja mwatsala 1 basi, penapake pakuoneka kale ulusi. Chinanso ndachimva ndi dzanja. Ukalisisita kupita mbali imodzi mano ake amasalala, ukabwerera amakukanda ngati mamba a chambo. Lakumanja silitero.

"Amalume, tayala limeneli ndi feki basi," watero mphwanga.

"Limodzi feki, linzake labwino, fakitale imodzi, njinga imodzi?"

Sanayankhe. Wanyamula chidebe ati akukatsuka bodi.

Lachiwiri, 14 Meyi

Lero ndi holide ya Kamuzu Day, njinga sinatuluke, ndiye ndapeza mpata woyeza mpweya. Geji ndinagula dzulo, yangati cholembera. Mpaka lero mphwanga amayeza ndi chidendene: akamenya tayala n'kumva kuti lalimba, ulendo wayamba. Vuto la matayala a nayiloni ndi lakuti m'mbali mwake ndi mokhuthala, moti ngakhale mpweya utachepa kwambiri, bodi ikakhala yopanda kanthu amaoneka okhuta.

Lakumanja 33 psi (psi ndiwo muyeso wa mpweya pa geji). Lakumanzere 24. Ndapaka malovu pakamwa pa valavu, kathovu n'kuyamba kutukuka pang'onopang'ono mpaka kuphulika. Kapini kamkati kanali kolekera, ndipo kachivundikiro kanatayika kalekale, fumbi linali litadzaza. Zinthu ziwiri zimenezi mtengo wake sufika wa botolo la Sobo.

Tayala lochepa mpweya limagona, pakati pamalowa mkati, katundu yense n'kutsamira m'mbali. Limapindikapindika kwambiri likamagubuduka, limatentha, ndipo labala wotentha amadyeka msanga. Chubu nacho chimakhuzana ndi tayala mkatimo. N'chifukwa chake chakumanzere tachimata katatu chaka chino pomwe chakumanja sitinachigwirepo. Lodzaza mopitirira limachita zosiyana: limatukuka pakati, pakatipo ndi pomwe pamatha, m'mbali muli bwinobwino.

Komabe sindinakhutire. Kuchepa kwa mpweya kumadya mbali zonse ziwiri mofanana. Langali ladyeka kwambiri kunja, ndipo mamba aja mpweya wokha sungawabweretse.

Lamulo kuyambira lero: geji m'mawa uliwonse njinga isanayende, matayala akadali ozizira. Ukayeza masana utayenda kale, geji imakwera chifukwa cha kutentha, ndipo wosadziwa amaphwetsa, n'kudzuka mawa tayala lili pansi.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndakwera nawo tsiku lonse, nditakhala pamwamba pa matumba ngati mwini katundu wosakhulupirira dalaivala. Zimene ndaona zandichititsa manyazi, chifukwa zina mwa izo wolakwa ndine.

Ulendo woyamba tinakatenga chimanga kumudzi wina cha ku Malingunde. Ine ndinkadziwa kuti timanyamula matumba 12. Ndawerenga 16. Mwini chimanga, mayi wachikulire ndithu, anaima pafupi ndi mphwanga n'kumati, "Achimwene, onjezani awiri okha, ndi pafupi pompa." Awiriwo atakwera, panapezekanso ena awiri. Ndipo thumba la nyengo yokolola tonse tikulidziwa: dzina ndi la makilogalamu 50, koma lasindiridwa ndi musi mpaka kukamwa kusokedwa movutikira. Tingowerengera 50 yomweyo, matumba 16 ndi makilogalamu 800. Onjezani bodi, ekiselo, ndi ine amene. Pafupifupi zonsezi zimagwera matayala awiri akumbuyo, lakutsogolo limangolondolera njira. Tayala lililonse linasenza pafupifupi theka la tani.

Sindinganamizire mphwanga yekha. Ndinamuikira ndalama yoti azibweretsa tsiku lililonse, yotsala ndi yake. Munthu wopatsidwa mgwirizano wotere sangakane matumba anayi owonjezera, ndipo tayala likatha wogula si iye.

Kasanjidwe nako kali ndi mbali. Amatsitsa chitseko chakumanzere chifukwa ndiye kumbali kwa msewu, anyamata amaponyera pafupi, ndipo mzere wapamwamba umathera kumanzere konko.

Titalowa pa phula ndinayang'anitsitsa tayala lakumanzere. Kuno timayenda kumanzere, ndipo msewu amaumanga wotsetsereka pang'ono kuchokera pakati kuti madzi azitsikira m'mphepete, ndiye kulemera kumapendekera komweko. Minibasi ikangoimba hutala kumbuyo, mphwanga amapatuka, tayala lakumanzere n'kutsika pa phula, kuyenda m'miyala, kukweranso. M'mphepete mwa phula lodyekadyeka muli ngati mpeni wobuntha. Kuchokera pa Mitundu kufika pa Bunda ndinawerenga kutsika ndi kukwera kotere mpaka ndinataya chiwerengero. Lakumanja nthawi yonseyi lili pamsewu wosalala ngati bwana.

China chomwe anthu ochokera ku kabaza wa matayala awiri amaiwala: njinga iyi sipendekeka pokhota. Ya matayala awiri imagona, tayala lake lozungulira msana n'kugwira msewu ndi m'mbali. Iyi imakhota ili chilili, kulemera kumathamangira ku tayala lakunja kwa kona, ndipo ukalowa ndi liwiro tayalalo limakhuta pansi chammbali. Mphwanga anaphunzirira pa kabaza, ndipo amalowa pakona ngati akadali pomwepo.

Tagwirizana matumba 12, osapitirira, ndipo ndatsitsa ndalama ya patsiku. Zandiwawa.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndinapita m'tauni kukafuna tayala. Ndinayamba ku Malangalanga, n'kutsikira ku Biwi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja mtengo wake umatchulidwa munthu atayamba wakuyang'ana nkhope. Latsopano la 5.00-12 nditamva mtengo ndinangoti zikomo, ndibweranso.

Pamalo ena ogulitsa matayala akaunjika mnyamata anandigubuduzira limodzi la rimu 12, mano akuyakuya, ooneka ngati sanagwirepo msewu. Ati lachokera ku Japan, likwana bwinobwino. Mtengo wake sunafike ndi theka la latsopano. Ndinagula limodzi. Okonza matayala analiveka ndi chubu chatsopano pa rimu yakumanzere, ndipo ndabwerera kunyumba ndikudzitama kuti nkhani yatha motchipa.

Loweruka, 25 Meyi

Safunsa anadya phula. Masiku anayi okha.

Mphwanga anayamba kudandaula Lachitatu kuti njinga ikuvina kumbuyo ikanyamula, ndipo pomanga buleki ikukokera mbali. Lero nditaima kumbuyo kwake ndaona ndi maso kuti bodi yapendekera kumanzere. Atangofika kuchokera ku Nathenje ndinagwira chibuluma cha difu, ndinachotsa dzanja msangamsanga. Chimafunda nthawi zonse, koma osati chonchi.

Ndanyamula kumbuyo ndi jeke, ndazunguliza chingwe pamsana pa tayala lililonse n'kuyeza. Lakale lakumanja, masentimita 177. Lakaunjika, 169. Nambala 12 ija imangonena kukula kwa rimu. Kutalika kwa tayala ndi nkhani ina. Kusiyana kwa masentimita 8 pa kuzungulira kulikonse kukutanthauza kuti laling'onolo limayenera kuthamanga kuposa linzake ulendo wonse, ngakhale panjira yowongoka. Difu inapangidwa kuti izilola zimenezi pokhota: timagiya tating'ono tamkati timazungulira kwa kanthawi, kona ikatha timapuma. Ine ndinatipatsa kona yosatha kuchokera ku Mitundu mpaka ku Lilongwe. Sitingathyoke tsiku limodzi, koma ndi katundu wathuyu ndi oyilo amene sindikukumbuka tsiku lomwe tinasintha, sindikufuna kudziwa kuti tingapirire miyezi ingati.

Kenako ndinachita chimene ndikanachita ku Biwi ndisanatulutse ndalama: ndinakhala pansi n'kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayalalo. Palembedwa 145/80R12 74Q. R akutanthauza kuti ndi la radiyo, lija la mawaya pansi pa mano ndi m'mbali mofewa, pomwe linzake ndi la nayiloni, la ulusi wopingasa ndi m'mbali molimba. Awiriwa sayenera kukhala pa ekiselo imodzi chifukwa amapindika mosiyana. Kuvina kuja n'kumeneko. Nambala 74 ndiyo ya katundu, ndipo 74 ndi makilogalamu 375 basi. Ndi tayala la kagalimoto konyamula anthu, osati la ngolo. Pali kachizindikiro ka chipale chofewa, ndipo mano ake ndi ochekedwachekedwa timizere tating'onoting'ono: ndi la nyengo yachisanu ya ku Japan, labala wake wofewa dala kuti azigwira pa ayezi. Paphula lotentha la Okutobala likanasungunuka ngati sopo. Pomaliza pali manambala anayi mu kabokosi kozungulira, 3815, kutanthauza sabata ya 38 ya chaka cha 2015. Mano akuya, inde, koma labala wa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, ndipo nditalipinda ndi dzanja timing'alu tinaonekera pansi pa mizere.

Mnyamata uja sananame. Linachokeradi ku Japan ndipo linakwanadi pa rimu.

Tabwezeretsa lakale la ulusi lija kuti tingofika nalo kwa amisiri, wopanda katundu.

Lolemba, 27 Meyi

Tsiku lofunika kuposa onse. Amisiri amene ndinapitako ndi bambo wachikulire, anagwirapo ntchito pa malole kale, ndipo sanayang'ane n'komwe tayala poyamba. Anatuma mwana kuti athire madzi pakhonde la simenti, n'kuuza mphwanga kuti adutse m'madzimo molunjika mpaka pouma. Panatsala mizere itatu yonyowa. Wa tayala lakutsogolo umayenera kukhala pakati penipeni pa iwiri inayo. Sunali pakati. Unayandikira wakumanja moonekeratu.

"Bwana, njinga yanuyi ikuyenda chankhanu. Matako ali kumanzere, mutu uli kwina."

Anamanga chingwe pansi pa khosi la chesesi, pakati, n'kuyeza mpaka pakati pa gudumu lililonse lakumbuyo. Kumanzere kunatalika ndi masentimita awiri. Atagona pansi ndi tochi anapeza chifukwa. Zitsulo za sipuling'i zimagwiridwa pamodzi ndi bawuti imodzi yodutsa pakati, imene amisiri amati senta boliti, ndipo mutu wake umalowa m'kabowo pa ekiselo kuti ekiseloyo isasunthe. Yakumanzere inali itaduka mutu. Ma U-boliti, mabawuti opindika omangira sipuling'i ku ekiselo, anali olekera moti nati ina inazungulira ndi zala. Pa chitsulo panali powala, popukutika, posonyeza kuti ekiselo yakhala ikuseweraponso: njinga ikamakoka imapita uku, ikamanga buleki imabwerera uku. Tayala lakumanzere silinkangogubuduka, linkapalanso pansi chammbali nthawi iliyonse. Mamba a chambo aja ndi amenewo. Ndipo popeza kumbuyo kunkayenda kotsamira kumanzere, mphwanga akaona ngati ali paphula, gudumu lakumbuyo linali kale m'miyala.

Atagwedeza gudumulo ndi manja awiri linachita phokoso, beringi nayo yapita. Anandionetsanso tayala lakutsogolo, lomwe sindinaliganizire n'komwe: layamba kudyeka mbali imodzi, chifukwa mphwanga wakhala akulimbana ndi chiwongolero osadziwa.

"Iwe, sumamva kuti ikukoka?" ndinamufunsa.

"Ndimaona ngati ndi mmene zimakhalira, amalume. Phewa ndiye limawawa madzulo."

Bawutiyo inaduka liti, palibe akudziwa. Amisiri akuganiza kuti ndi dzinja lapitali, pomwe tinkanyamula njerwa ndi mchenga m'misewu yokumbika. Iwo akuti ma U-boliti a njinga yatsopano amafunika kuwamanganso ikangoyenda masabata ochepa, chifukwa zitsulo zikakhazikika amalekera okha, ndipo akalekera bawuti yapakati ndiyo imasenza zonse mpaka kuduka. Ife sitinawagwirepo chigulireni.

Asintha senta boliti, ma U-boliti onse anayi, mabering'i mbali zonse ziwiri, ndi oyilo wa mu difu, amene anatuluka wakuda ndi tizitsulo tonyezimira. Tabwereza mayeso a madzi. Mzere wakutsogolo wagwera pakati. Zonsezi pamodzi ndi ntchito yawo sizinafike mtengo wa tayala limodzi latsopano. Ndikanagula latsopano Lachiwiri lija n'kuliveka pa ekiselo yosewera, bwenzi likudyeka chimodzimodzi, ine n'kumatukwana fakitale.

Lachitatu, 29 Meyi

Tsopano nkhani yosankha. Ndakhala masiku awiri ndikufunsa, ndipo aliyense ali ndi mpingo wake.

Kugula limodzi latsopano la 5.00-12 n'kusiya lakale kumanja ndiye njira yotchipa. Kusiyana kwa mano 9 ndi mano 5 si kwakukulu ngati kwa tayala la ku Japan lija, kuzungulira kwake kungasiyane ndi masentimita awiri kapena atatu. Anthu ambiri amachita zimenezi ndipo amayenda. Koma mayina osiyana amasiyananso msinkhu ngakhale nambala ili imodzi, ndipo dzina la matayala amene anabwera ndi njingayi sindinalione m'sitolo iliyonse. Komanso lakalelo ndi la 6PR, ine ndikufuna kukwera.

PR imeneyi ndinkaganiza kuti ndi chiwerengero cha nsalu zomwe zili mkati. Kale zinalidi choncho, nthawi ya ulusi wa thonje. Masiku ano ndi muyeso chabe wa mphamvu: la 8PR limalandira mpweya wochuluka ndipo limasenza kuposa la 6PR, ngakhale utalidula supeza nsalu zisanu ndi zitatu.

Njira yachiwiri ndi akaunjika awiri, koma oyenera: 145R12 a LT, amene amavala timalole tating'ono ta ku Japan monga Suzuki Carry ndi Daihatsu Hijet. A 6PR amasenza makilogalamu 450 lililonse, a 8PR amapitirira 500. Mnzanga wina wonyamula madzi ku Area 36 amavala amenewa ndipo amalumbirira. Akuti paphula amakhalitsa kuposa a nayiloni ndipo satentha. Ndikumukhulupirira, chifukwa mawaya aja amagwira mano kuti agone pansi mofanana osapotokapotoka. Koma iye sachoka m'tauni. Ndi aafupi, difu imatsika ndi sentimita imodzi ndi theka, ndipo njira zathu za ngolo za ng'ombe zili ndi msana pakati womwe timaukhula kale. Injini nayo imalira kwambiri pa liwiro lomwelo, mafuta n'kumapita, ngakhale pachitunda imakoka bwino. Mita siisintha poti chingwe chake chimachokera ku gudumu lakutsogolo. Chondiopsa kwambiri ndi kupeza awiri ofanana dzina, ofanana zaka, osamatidwapo m'mbali. Pamulu wa kaunjika zimenezo ndi mwayi.

Yachitatu ndi a radiyo atsopano, 155R12C a 8PR, olembedwa 88, kutanthauza makilogalamu 560. Msinkhu wake ukuyandikira wa 5.00-12. Papepala amenewa ndiye abwino kuposa onse. Mtengo ndiye wakwera kuposa onse, ndipo ndi opanda chubu pomwe marimu anga ndi a chubu. Okonza matayala akuti amaika chubu mkati ndipo zimayenda, kungoti mkati mwa tayala lotere muli timizere tomwe timatha kukhula chubu likamayenda lochepa mpweya. Ndi mbiri ya mphwanga ndi geji, ndinaganiza kawiri. Chachikulu, m'mbali mwa radiyo ndi mofewa. Chitsa cha mtengo m'munda wa fodya chikalibaya m'mbali, latha, silimatika.

Yachinayi ndi 5.00-12 atsopano awiri a nayiloni, 8PR. Paphula amatha msanga kuposa radiyo, izi sindikutsutsa. Koma maulendo athu ambiri amayambira m'munda, ndipo tayala lotere likaponcha, aliyense wokonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo amatha kumata chubu chake.

Mnzanga woyendetsa Bajaj yonyamula anthu m'tauni anandiseka kuti ndikuvutika ndi masamu. Yake matayala onse atatu ndi sipeya ndi 4.00-8, amangowasinthanitsa malo mwezi ndi mwezi, onse n'kuthera limodzi. Ine sindingatero poti lakutsogolo ndi losiyana. Ndingasinthanitse akumbuyo okhaokha. Mphwanga naye anandionetsa pafoni njinga ina ya ku Canada, Can-Am Spyder, ya matayala awiri kutsogolo ndi limodzi lalikulu kumbuyo, 225/50R15. Eni ake, anthu oti ndalama si vuto, akudandaula kuti lakumbuyolo limatha msanga pakati, ndipo amakangana ngati n'koyenera kuvekapo la galimoto. Ndinaseka ndekha. Mkangano wa ku Biwi womwewu.

Loweruka, 8 Juni

Ndagula a nayiloni awiri, 5.00-12, 8PR, opangidwa ku India. Pasitolo panali MRF ndi CEAT ndi ena a ku China amene mayina awo sindinawamvepo. Ndatenga amene anapezeka awiri a sabata imodzi, 0624, ndipo ndinawayeza ndi chingwe changa pomwepo mwini sitolo akundiyang'ana modabwa. Onse 179. Mano ake ndi a mizere yoyenda motsata tayala pakati ndi zibuluma m'mbali, osati aja a zibuluma zokhazokha ngati a thirakitala, amene m'matope amagwira koma paphula amalira n'kudyeka ngati masitepe. Machubu atsopano, mavalavu a zivundikiro. Poveka ndinaimirira pomwepo kuti athire pawuda mkati ndi kuti chubu chisapanidwe ndi chitsulo.

Mano: mamilimita 9 ponseponse. Mita: 7,910. Mpweya taika 45 psi, pansi pa malire olembedwa patayalapo. Yopanda katundu ikudumpha ngati chule pa mabampu, ndipo mphwanga wadandaula kale za msana, koma njingayi siyenda yopanda kanthu kawirikawiri.

Lakale lakumanja lakhala sipeya. La ku Japan ndagulitsa kwa mkulu wina wa ngolo ya abulu, pamtengo wotsika ndi theka, ndipo ndamuuza zonse. Ati abulu ake safika pa liwiro loti labala n'kutentha. La ulusi lija atenga ana.

Lachinayi, 4 Julayi

Mita 9,020. Onse awiri 8 ndi theka pakati. Lakumanzere mbali yakunja 8. Ndasisita ndi dzanja uku ndi uku, mamba palibe. Ma U-boliti tawamanganso, nati iliyonse inalola pang'ono, monga ananenera amisiri aja.

Loweruka, 3 Ogasiti

Ndinamugwira. Ndinali pa sitolo ina pamsika ndipo ngolo inadutsa ndi matumba a mtedza osanjikizana mpaka kupitirira zitsulo za bodi. Madzulo anati mtedza wosasenda ndi wopepuka, zomwe ndi zoona, thumba lake silifika kulemera kwa la chimanga. Koma pansi pake panali matumba a soya, ndinawaona. Geji nayo ndinaipeza m'bokosi la zida itakutidwa ndi fumbi losonyeza kuti yatha sabata osagwiridwa. Lakumanzere 41, lakumanja 43.

Sindinakalipe kwambiri. Ndasintha mgwirizano. Kuyambira mwezi uno tikupatula kandalama tsiku lililonse m'kachitini ka matayala. Akafika makilomita 15,000 asanathe, chotsala m'chitinimo tikagula ena ndi chake. Akatha msanga, chitini chonse chimapita ku sitolo. Anawerengera pamtima kwa kanthawi n'kufunsa ngati geji ingamakhale m'thumba mwake.

Tasinthanitsa matayala, lakumanzere kupita kumanja. Ndinayamba ndayang'ana ngati pali muvi wosonyeza mbali yozungulira. Palibe, ndiye tangosuntha magudumu athunthu osavula pa rimu.

Lamlungu, 15 Seputembala

Mita 11,650, kutanthauza makilomita 3,740 pa matayala atsopanowa. Machesi ndi rula: lomwe lili kumanzere pano, 7 ndi theka pakati, 7 kunja, 7 ndi theka mkati. Lakumanja, 7 ndi theka pakati, 7 m'mbali zonse. Kumanzere kukudyabe kunja pang'ono, ndipo ndavomereza kuti kumeneko ndi msewu, sindingakonze m'mphepete mwa phula. Kusinthanitsa kuzikhala pa makilomita 2,000 aliwonse. Zikapitirira chonchi 15,000 ija ifika, ngakhale miyezi yotentha ndi yomwe ikubwerayi ndipo njerwa zayamba kale kuitanidwa.

Kuponcha kamodzi kokha chigulireni, msomali wa malata ku Chinsapo. Difu ikufunda mwa masiku onse.

Lakutsogolo ndilo latsala. Kudyeka kwa mbali imodzi kuja kunaima ekiselo itawongoka, koma chomwe chinadyeka sichibwerera, ndipo pamchenga layamba kuterera. Lifunika kusintha mvula isanagwe. Ndafunsa kale mtengo wa 4.50-12 ku Malangalanga. Chitini chikadali chopepuka, tiona kumapeto kwa Okutobala.